Chitseko cha galimoto chikagwidwa ndi chisanu m'mamawa

M'mamawa wina wa mwezi wa Disembala m'chaka cha 2022, nthawi itangopitirira 6 koloko ndipo kunja kudakali mdima wandiweyani, ndinapezeka nditaimirira pambali pa galimoto yanga, chogwirira cha chitseko chili m'dzanja langa chitathyoka, pamene chitsekocho chinali chisanasunthe ngakhale pang'ono. Ndimakhala m'tauni ina yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Dee kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, pamsewu wa A93 umene umachoka ku Aberdeen kupita ku Braemar, ndipo ntchito yanga ndi yoyendera okalamba m'makomo mwawo kuti ndiwadzutse, ndiwasambitse, ndiwakonzere chakudya ndi kuonetsetsa kuti amwa mankhwala pa nthawi yake. Tsiku limenelo munthu woyamba pa ndandanda yanga anali agogo ena aakazi amene sangathe kutsika okha pabedi, ndipo ankandiyembekezera 7 koloko. Sabata yomweyo ku Braemar kunazizira mpaka madigiri 17.3 pansi pa ziro, koma ine ndinali ndisanadziwe kuti kuzizira koteroko kumachita chiyani pa galimoto imene yagona panja.

Ife amene tinakulira ku Malawi timakudziwa kuzizira, ndipo sindivomereza anthu akamanena kuti kwathu kulibe chisanu. Aliyense amene anagonapo ku Dedza mu Juni kapena mu Julayi, kapena anakumanapo ndi chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, amadziwa kuti mphepo imatha kulowa mpaka m'mafupa, ndipo pamwamba pa Nyika udzu umayera m'mamawa chifukwa mame aundana. Komabe madzi oundana ambirife timawadziwira mufiriji kapena pa matalala amene amagwa n'kusungunuka nthawi yomweyo, choncho sitinazolowere kuwaona ngati chinthu chimene chingamate zitsulo ziwiri pamodzi. Chimene manja athu anazolowera ndi chitseko chamatabwa chimene chafufuma m'dzinja, chomwe mankhwala ake ndi kuchikoka mwamphamvu kapena kuchigunda ndi phewa. Nzeru imeneyo ndi imene ndinagwiritsa ntchito m'mamawa uja, ndipo ndi imene inandithyolera chogwirira, chifukwa zogwirira za galimoto zambiri za masiku ano ndi zapulasitiki, ndipo pulasitiki ikazizira kwambiri imauma gwa n'kumathyoka msanga m'malo mopindika.

Amene ananditulutsa m'vutoli anali bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, omwe anatuluka ndi galu wawo pa nthawi yomweyo. Sananene zambiri. Anayala zikhatho zawo zonse ziwiri pachitseko, chakumapeto kumene chimatsekukira, n'kuyamba kuchikankhira mkati mobwerezabwereza ndi kulemera kwa thupi lawo, ndipo kenako anayenda ndi chibakera mofatsa m'mphepete monse mwa chitsekocho, kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Ndinamva kaphokoso ngati ka chigoba cha dzira chikamasweka. Popeza chogwirira cha mbali yanga chinali chitawonongeka kale, anapita mbali ya wokwera n'kuchita chimodzimodzi, ndipo chitseko cha kumeneko chinatseguka popanda kulimbana nacho. Anandiuza kuti, "Mwanangu, chitseko chogwidwa ndi chisanu sachikoka, amachikankha." Ndinalowera mbali imeneyo, n'kudutsa pamwamba pa giya kukafika pampando wa dalaivala.

Pambuyo pake ndinafuna kumvetsa chifukwa chimene kukankha kumathandizira pamene kukoka kumawononga, ndipo yankho lake lili pa labala amene amazungulira chitseko. Chitseko chilichonse cha galimoto chili ndi labala wofewa amene amapanikizika pakati pa chitsekocho ndi thupi la galimoto kuti mvula, fumbi ndi phokoso zisalowe. Masana kukagwa mvula, kapena chipale chofewa chikasungunuka pang'ono padenga, madzi amatsetsereka n'kukakhala m'kampata ka pakati pa labalayo ndi chitsulo, makamaka ngati labala wakalamba, wang'ambika kapena wadzaza ndi litsiro limene limasunga chinyontho. Usiku kuzizira kukatsika pansi pa ziro, madziwo amaundana n'kukhala ngati guluu wozungulira chitseko chonse, ndipo popeza madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse, amadzaza kampata konse n'kugwira mbali zonse ziwiri. Mukakoka, mphamvu yanu yonse imathera pa chogwirira ndi pa labala, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chimagonja: kapena chogwirira chithyoka, kapena labala asupuka n'kutsalira pachitsulo. Koma mukakankha, labala amafinyika pang'ono chifukwa ndi wofewa, pamene madzi oundanawo sangafinyike, ndiye amangosweka.

Chinthu china chimene ndinazindikira n'chakuti vutoli silitsatira kukula kwa kuzizira kokha. Ku Braemar kunazizirapo mpaka madigiri 27.2 pansi pa ziro m'chaka cha 1895 komanso m'chaka cha 1982, ndipo mu Febuluwale 2021 kunafika madigiri 23 pansi pa ziro, koma galimoto youma bwino imatha kutseguka ngakhale kukuzizira kwambiri. Masiku oopsa ndi amene masana kumafunda pang'ono, madzi n'kuyenderera paliponse, kenako madzulo mitambo n'kuchoka, kumwamba n'kuyera mbee, kuzizira n'kutsika mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kutsuka galimoto madzulo m'nyengo yachisanu n'kudziputira mavuto, ngakhale kuti mchere umene makhonsolo amawaza m'misewu umadetsa galimoto ndi kuidyetsa dzimbiri, moti munthu umalakalaka kuitsuka pafupipafupi. Ine ndikafuna kutsuka ndimasankha m'mawa wa tsiku lofunda, ndipo ndikamaliza ndimatsegula zitseko zonse n'kupukuta malabala ndi nsalu youma.

Nkhani imene ndimakangana nayo kwambiri ndi anzanga a kuntchito, makamaka amene angofika kumene kuchokera kwathu, ndi ya madzi otentha. Munthu akaona madzi oundana, maganizo ake amathamangira ku ketulo, ndipo kunena zoona madzi owira amasungunula msanga. Vuto lake n'lakuti galasi limene lazizira usiku wonse likathiridwa madzi owira mbali imodzi, pamalo pamene pathiridwapo pamafutukuka mofulumira pamene mbali zina zidakali zozizira, ndipo galasilo limatha kung'ambika, makamaka ngati linali kale ndi kachilonda kogendedwa ndi mwala pamsewu. Madzi owira sachitiranso chifundo labala ndi penti. Ngati palibiretu njira ina, madzi ake akhale ofunda chabe, oti mungathe kuviikamo dzanja osamva kuwawa, ndipo muwathire pamzere wokumanira chitseko ndi thupi la galimoto osati pagalasi. Ngakhale zitatero muyenera kukumbukira kuti madzi amene mwathirawo nawonso aundana posachedwa. Amalowa mu loko, amatsikira m'kati mwa chitseko, ndipo otsala amagwera pansi n'kusandutsa malo amene mwaimapo kukhala oterera, zomwe m'dera lokhala okalamba ambiri si nkhani yaing'ono. Choncho mukangotsegula, pukutani paliponse pamene panyowa musananyamuke, apo ayi mawa lake mudzapeza chitseko chitagwidwa koposa lero.

Chida choyenera ndi mankhwala opopera otchedwa de-icer, amene amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu ndi m'malo omwetsera mafuta nyengo yachisanu ikamayandikira. Mphamvu yake imachokera ku sipiliti amene ali m'katimo, chifukwa sipiliti saundana pa kuzizira kumene madzi amaundanira: wa mtundu wa ethanol amaundana pa madigiri pafupifupi 114 pansi pa ziro, ndipo wa mtundu wa isopropyl pa madigiri pafupifupi 89 pansi pa ziro. Akasakanikirana ndi madzi oundana amawasungunula n'kuwalepheretsa kuundananso msanga. Mumapopera m'mphepete mwa chitseko ndi kuseri kwa chogwirira, n'kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kupala zotsalira ndi kachipangizo kapulasitiki kopalira magalasi. Musagwiritse ntchito mpeni, sikuludilaiva kapena kiyi popala kapena potekenya chitseko, chifukwa mumakanda penti ndi kuboola labala, ndipo labala wobooka amasunga madzi ochuluka kuposa kale. Pali mfundo imodzi yosavuta imene anthu ambiri amaiphonya m'chaka chawo choyamba: botolo la de-icer lisamagone m'galimoto. M'mamawa uja langa linalipo ndithu, koma linali pampando wakumbuyo, kuseri kwa zitseko zimene zinakana kutseguka. Tsopano ndili ndi mabotolo awiri, lina m'galimoto lopopera magalasi ndikakhala paulendo, ndipo lina limakhala pakhomo la nyumba pafupi ndi nsapato zanga.

Nthawi zina chimene chagwidwa si labala koma loko. Galimoto zakale zimene kiyi amalowa pachitseko zimavutika kwambiri ndi zimenezi, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kiyi amakana kulowa mpaka kumapeto kapena amalowa koma osatembenuka. Apanso mphamvu siithandiza, chifukwa kiyi akathyokera m'kati vuto la mphindi zisanu limasanduka la tsiku lonse. Ife a ntchito yosamalira okalamba tili ndi mwayi woti sanitaiza wa m'manja sachoka m'matumba mwathu, ndipo popeza masanitaiza ambiri ali ndi sipiliti wosachepera magawo 60 pa 100 alionse, kadontho kamodzi pa kiyi, n'kumulowetsa ndi kumutulutsa pang'onopang'ono kangapo, kamamasula loko. Ena amawotcha kiyi ndi machesi kapena laita, ndipo pa kiyi wachitsulo chokhachokha njira imeneyi inkagwira ntchito, koma makiyi a masiku ano ali ndi mutu wapulasitiki wokhala ndi kachipangizo kamene kamalankhulana ndi injini, ndipo kakapsa galimoto singalire ngakhale chitseko chitatseguka. Kuuzira mpweya wa m'kamwa pa loko nakonso sikwabwino, chifukwa mpweyawo uli ndi chinyontho chimene chimakaundana m'kati momwemo. Amene galimoto zawo zimatsegulidwa ndi rimoti adziwe kuti kabatire kake kakang'ono kamafooka kukazizira, choncho rimoti ikakana si nthawi zonse pamene loko waundana. Kuifunditsa m'dzanja kwa kanthawi kumathandiza, ndipo marimoti ambiri amabisa kiyi wachitsulo m'kati mwake, pamene bowo lake pachitseko limakhala lophimbidwa ndi kachivundikiro pambali pa chogwirira. Ndi bwino kuphunzira kuchotsa kachivundikiroko masana kukuwala, m'malo moyamba kukafufuza mumdima zala zitachita dzanzi.

Vuto limene linandiopsa kwambiri linabwera chaka chotsatira, ndipo linali losiyana ndi loyamba lija: chitseko chinatseguka bwinobwino koma chinakana kutsekeka. Ndikachimenya chinkangobwerera ngati chagunda mpira. Chimene chimachitika n'chakuti kachitsulo kokolera ka m'mphepete mwa chitseko, kamene kamaluma chitsulo cha pathupi la galimoto, kamakhala ndi girizi ndi chinyontho m'kati, ndipo zikauma ndi kuzizira kachitsuloko kamakakamira pamene kanali potsegula paja. Ndikuvomereza kuti maganizo oyendetsa nditagwira chitseko ndi dzanja limodzi anandifikira, chifukwa nthawi inali ikutha, koma misewu ya kumidzi ya kuno ndi yopapatiza, yokhotakhota ndiponso yoterera m'mamawa, ndipo pakona iliyonse chitseko chosakoledwa chimatayikira kunja ndi mphamvu imene dzanja limodzi silingaigwire. Ndinalizitsa injini, ndinatsegula hita, ndinapopera de-icer pa kachitsuloko n'kumakoka chogwirira cha m'kati ndi cha kunja mosinthanasinthana, ndipo patapita mphindi ngati khumi kanamasuka. Makaniko amene anandionera galimotoyo pambuyo pake anatsuka girizi wakale n'kuika watsopano, ndipo sizinachitikenso. Kumenyetsa chitseko mobwerezabwereza kachitsuloko kasanamasuke kumangokapinda.

Mawindo nawonso amagwidwa ndi labala wawo, ndipo kudina batani mokakamiza galasi litamatirira kumatha kuwononga kamota kapena zingwe zokwezera galasilo, choncho ndi bwino kudikira mpaka m'galimoto mutafunda. Mawaipa muziwanyamula kaye ndi dzanja musanawayatse.

Pali nkhani ya malamulo imene sindingailumphe, chifukwa imakhudza chinthu chimene aliyense amakopeka nacho. Mukalowa m'galimoto n'kulizitsa injini, pamafunika mphindi zingapo kuti hita asungunule zitseko zina ndi magalasi, ndipo mtima umafuna kuti mubwerere m'nyumba mukamwe tiyi injini ikulira. Lamulo nambala 123 la mu Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, limaletsa kusiya galimoto pamsewu injini ikulira popanda munthu woiyang'anira, ndipo chaka chilichonse apolisi amachenjeza za akuba amene amayendayenda m'mamawa wachisanu kufunafuna galimoto zoterozo. Choipa kwambiri n'chakuti makampani ambiri a inshuwalansi amakana kulipira ngati galimoto inabedwa kiyi ali momwemo. Lamulo nambala 229 limanenanso kuti musananyamuke muyenera kuchotsa chipale chofewa ndi madzi oundana pamagalasi onse, kuonetsetsa kuti magetsi ndi nambala ya galimoto zikuoneka, ndiponso kuchotsa chipale chimene chingagwere ena pamsewu. Kuboola kabowo kamodzi kosuzumirapo pagalasi lakutsogolo n'kunyamuka, monga ndimaonera ena akuchita, n'kuika moyo wa anthu pachiswe, makamaka kuno kumene mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, ana atanyamuka kale kupita kusukulu mumdima.

Ntchito yeniyeni yolimbana ndi vutoli imachitika chisanu chisanafike, ndipo imatenga nthawi yochepa kuposa imene munthu amataya m'mamawa umodzi wovuta. Chakumapeto kwa Okutobala ndimasankha tsiku louma, ndimatsegula zitseko zonse pamodzi ndi buti, ndimatsuka malabala ndi madzi ofunda a sopo pang'ono, ndimawapukuta mpaka aume, kenako ndimawapaka mafuta a silikoni. Ndimapopera mafutawo pansalu n'kumayenda nayo pa labala, chifukwa kupopera mwachindunji kumawafikitsa pamagalasi ndi pamipando. Silikoni amakana madzi, moti ngakhale kadontho katatsalira n'kuundana sikagwira mwamphamvu, komanso amasunga labala kuti asaume n'kuyamba kung'aluka. Ndimabwereza kamodzi pamwezi mpaka mu Malichi. Ena amagwiritsa ntchito gilisalini, yemwe kwathu timamudziwa ngati mafuta odzola, ndipo amathandiza ndithu. Koma Vaseline, ngakhale kuti ndi amene aliyense wa ife amakhala naye m'nyumba ndipo kwa masiku ochepa amaoneka ngati wathetsa vuto, ndi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, ndipo mtundu wa labala umene umaikidwa pazitseko za galimoto umafufuma ndi kufooka ukakhalitsa ndi mafuta oterowo. Chimodzimodzinso oilo wa injini ndi mafuta ophikira, omwe amakokanso fumbi.

Malo oimikapo galimoto nawonso ali ndi gawo lake. Ndilibe galaja, choncho ndimayesetsa kuimika pafupi ndi khoma, mbali ya dalaivala itabisika ku mphepo imene imabweretsa mvula. Usiku umene a zanyengo a Met Office achenjeza za chisanu chachikulu, ndimapukuta malabala a chitseko cha dalaivala ndisanalowe m'nyumba, ndipo ndimapanikiza pepala lalikulu lapulasitiki lotayiramo zinyalala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto chakumwamba, kuti labala asakhudzane ndi chitsulo. Ndimatulutsanso makapeti onyowa opondapo m'galimoto, chifukwa chipale chimene timalowa nacho ndi nsapato chimasungunuka n'kusanduka nthunzi, imene usiku imakaundana pamagalasi ndi pamalabala kuchokera m'kati. Anthu ambiri amadabwa kupeza madzi oundana m'kati mwa galasi, osadziwa kuti anawabweretsa okha.

Chimene chimandichititsa kuti ndizilimbikira zonsezi si mtengo wa chogwirira chija, ngakhale kuti unandipweteka. M'mamawa uja ndinafika kwa agogo aja nditachedwa ndi mphindi pafupifupi 40. Ndinawapeza ali maso mumdima, atalephera kufikira nyale ya pambali pa bedi, ndipo mawu awo oyamba sanali odandaula koma ofunsa ngati sindinachite ngozi pamsewu. Anali atakhala nthawi yonseyo akuganiza kuti ndagwera mumtsinje, ndipo ine, chifukwa cholimbana ndi chitseko, sindinakumbuke n'komwe kuimbira foni ku ofesi kuti awadziwitse. Kuchedwa kwa nyumba yoyamba kunakankhanso maulendo onse a tsikulo, moti bambo ena amene amayenera kudya pa nthawi yake chifukwa cha matenda a shuga analandira chakudya cha m'mawa mochedwa. Kuyambira pamenepo, kuchokera mu Novembala mpaka mu Malichi, ndimayang'ana za nyengo ndisanagone, ndimatchera alamu kuti ilire kutatsala mphindi 20 kuti nthawi ya masiku onse ikwane, ndipo ndikaona kuti chitseko sichinamasuke patatha mphindi zisanu, ndimaimba foni kaye ku ofesi ndisanapitirize kulimbana nacho.

Mu Okutobala wapitayu mtsikana wina wochokera ku Mzimba anayamba nafe ntchito, ndipo anali atangogula galimoto yake yoyamba. Loweruka lina masana ndinamuitana kunyumba kwanga, tinatsegula zitseko za galimoto zonse ziwiri, ndipo tinapaka malabala limodzi. Ndinamuonetsa pamene pabisika bowo la kiyi pachitseko chake, ndinamuyalitsa zikhatho pachitseko kuti ayeseze kukankha, ndipo pochoka ndinamupatsa botolo la de-icer, n'kumuuza kuti akafika alisiye pakhomo la nyumba pafupi ndi nsapato zake za kuntchito.